Malikisi a ngongole pa migodi ya Rustenburg

Ku Tlaseng, umodzi mwa midzi 29 ya Abafokeng kumpoto kwa mzinda wa Rustenburg, nthaka ndi ya mtundu wonse. Munthu amapatsidwa malo omangapo kudzera kwa atsogoleri a mudzi, koma pepala la umwini wa malowo silikhala m'dzina lake. Banki ikaona choncho imazengereza kupereka ngongole ya nyumba, poti mwiniwake atalephera kubweza ilibe choti nkugwira. Ndiye amene akufuna kufolera nyumba, kapena kumanga tizipinda kuseri toti azichititsa lendi anthu a pamgodi, amakatenga ngongole yopanda chikole. Pa ngongole yotereyi wobwereketsa amafunsa zinthu ziwiri: payslip, ndi mbiri ya momwe munthuyo wakhala akubwezera ngongole zake m'mbuyomu.

Mbiri imeneyi amaifinya kukhala nambala imodzi, credit score, malikisi amene makompyuta amapatsa wokongola aliyense. Nambalayi ndiyo imagamula ngati mupatsidwe ndalama kapena mubwezedwe pakhomo, komanso chiwongoladzanja chimene mulipire. Anthu awiri ogwira shifiti imodzi ku Impala Platinum, a malipiro ofanana, angathe kukongola ndalama zofanana tsiku limodzi, wina nkudzabweza zambiri kuposa mnzake chifukwa cha nambala imene iye sanaionepo chibadwire.

Amene amasunga mbiriyi si boma. Ndi makampani monga TransUnion, Experian ndi XDS, amene amalembetsedwa ndi kuyang'aniridwa ndi National Credit Regulator, NCR mwachidule, pansi pa lamulo la National Credit Act la 2005 limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 June 2007. Mwezi ndi mwezi mabanki, masitolo a zovala ndi mipando, ndi makampani a mafoni a kontrakiti amatumiza uthenga: uyu walipira pa nthawi yake, uyu wachedwa mwezi umodzi, uyu wafika miyezi itatu. Zili ngati kope lija la ngongole limene mwini golosale amasunga pansi pa kauntala, kungoti ili amawerenga ndi eni masitolo a dziko lonse, ndipo mwezi uliwonse umene walembedwamo umakhala zaka 5 usanafufutike. Kampani iliyonse ili ndi kawerengedwe kake. Ya TransUnion imalekezera pa 999, ndipo mabanki nawo amakhala ndi masamu awoawo, choncho kufunsana kuti "iwe uli ndi angati" sikuthandiza kwenikweni ngati manambalawo achokera kosiyana.

Chimene chimalemera kwambiri pa malikisiwa ndi kulipira pa tsiku lake ndalama yonse imene munagwirizana. Kupereka theka kumalembedwa ngati kuchedwa. Chotsatira ndi kuchuluka kwa zimene mwagwiritsa ntchito pa malire amene anakupatsani: khadi ya sitolo ya R5,000 imene imakhala yodzadza mwezi ndi mwezi imaonetsa munthu wopanikizika ngakhale asanaphonyepo. Akaunti yakale yosamalidwa bwino imakweza. Kuzungulira m'tauni kufunsira ngongole malo asanu sabata imodzi kumatsitsa, chifukwa aliyense amene wafufuza dzina lanu amasiya chizindikiro chimene chimakhala chaka chathunthu. Kudzifufuza nokha sikutsitsa kanthu.

Malangizo amenewa amapezeka pa kapepala ka banki iliyonse, ndipo ndi oona. Vuto lake ndi loti analembedwera munthu amene malipiro ake sasintha. Wa pamgodi sali choncho. Pa payslip yake pali malipiro enieni, kenako bonasi ya ntchito imene gulu lake lakumba, ovataimu, ndi ndalama ya nyumba kwa amene sagona ku hositelo. Mwezi umene shafiti yatsekedwa chifukwa cha ngozi, bonasi imapita. Mtengo wa platinamu ukagwa ku London, ovataimu imatha ku Rustenburg. Ngongole yokha ndiyo siisintha. Komanso anthu ambiri a m'tizipinda ta lendi tija amadyetsa makomo awiri, la kuno ndi la kwawo ku Eastern Cape, ku Lesotho, ku Mozambique kapena ku Malawi. Amene anawerengera ngongole yake pa payslip ya mwezi wa bonasi waononga kale malikisi ake, chatsala nchakuti mwezi woipawo ufike.

Dera lino linaona zimenezi ndi maso. Zaka za pakati pa 2007 ndi 2012 ngongole zopanda chikole zinakula modabwitsa mu South Africa, ndipo migodi ya platinamu inali msika wonona. Pa 16 August 2012 apolisi anawombera ndi kupha ogwira ntchito 34 a kampani ya Lonmin ku Marikana, kummawa kwa Rustenburg, pamene ankanyanyala ntchito pofuna malipiro a R12,500 pa mwezi. Ngongole si zimene zinawombera anthu aja, ndipo kunena choncho kungakhale kupeputsa mlandu wa amene anawombera. Koma atolankhani ndi ofufuza amene anafika pambuyo pake anapeza kuti ambiri mwa ogwira ntchito ankapita kunyumba ndi kachigawo chabe ka malipiro awo, zina zonse zitadulidwa kale ndi obwereketsa ndi maloya awo. Kenako panabwera sitiraka ya bungwe la ogwira ntchito m'migodi la AMCU, lotsogozedwa ndi Joseph Mathunjwa, imene inayamba pa 23 January 2014 nkutha kumapeto kwa June. Anthu pafupifupi 70,000 a ku Anglo American Platinum, Impala ndi Lonmin anakhala miyezi isanu osalandira kanthu. Makompyuta a mbiri ya ngongole sadziwa za sitiraka. Amangolemba kuti mwezi woyamba sanalipire, wachiwiri sanalipire, mpaka wachisanu.

Pasanathe miyezi iwiri sitiraka itatha, pa 10 August 2014, banki yaikulu ya South Africa inalanda utsogoleri wa African Bank, imene inali patsogolo pa ngongole zopanda chikole. Inagwa chifukwa cha ngongole zosabwezedwa ndi sitolo zake za mipando za Ellerines zimene zinkangodya ndalama. Phunziro limene ine ndimatolapo ndi lakuti wobwereketsa akavomera kukupatsani ndalama, si umboni woti mukwanitsa kubweza. Akatswiri a masamu a banki yonse analakwitsa pa nkhani yomweyi. Malikisi abwino amakuyitanirani ma SMS oti mwavomerezedwa kale kutenga R80,000, ndipo ambiri amene anagwa anayamba ali ndi mbiri yoyera, nchifukwa chake anapatsidwa zochuluka chotero.

Kuchokera pa zowawa zija malamulo anasintha, ndipo apa mpamene pali chitetezo chenicheni chimene anthu ambiri sachigwiritsa ntchito.

Tiyambe ndi garnishee, lamulo la khoti louza bwana kuti azidula ngongole pa malipiro munthu asanawaone. Kale pepalali linkadindidwa ndi kalaliki wa khoti, popanda majisitireti kufunsa ngati munthuyo atsala ndi chodyera. Obwereketsa ena ankakadinditsa ku makhoti akutali kwambiri ndi kumene wokongola amakhala, kuti asathe kukadziteteza. Mlandu umene unathetsa zimenezi sunachokere ku migodi. Unachokera kwa anthu olandira malipiro ochepa a ku Western Cape, amene anaimiridwa ndi University of Stellenbosch Legal Aid Clinic. Woweruza Siraj Desai anagamula mowakomera mu July 2015, ndipo khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linatsimikiza pa 13 September 2016 kuti garnishee iyenera kuvomerezedwa ndi majisitireti. Kuyambira mu August 2018 zodula zonse za garnishee pamodzi siziyenera kupitirira 25 peresenti ya malipiro enieni a munthu, ndipo nkhaniyo iyenera kumvedwa ku khoti la kumene iye amakhala kapena kugwira ntchito. Wa ku Tlaseng amene waona chodula chachilendo pa payslip ali ndi ufulu wopempha ofesi ya malipiro imuonetse pepala la khotilo, aone kuti linadindidwa kuti komanso ndi ndani.

Chiwongoladzanja nachonso chili ndi malire. Kuyambira mu May 2016, ngongole yopanda chikole siyenera kupitirira chiwongoladzanja cha banki yaikulu kuphatikizapo 21 peresenti pa chaka. Ngongole zazing'ono za miyezi yochepa malire ake ndi 5 peresenti pa mwezi pa yoyamba, ndi 3 peresenti pa zotsatira m'chaka chomwecho, ngakhale pamwamba pake amaikapo ndalama yotsegulira ngongole ndi ina ya mwezi ndi mwezi. Palinso gawo 103(5) la lamulo lija, limene limati pa nthawi imene munthu walephera kubweza, chiwongoladzanja ndi zolipiritsa zonse zimene zikuunjikana zisapose ndalama imene inatsala pa ngongole yeniyeniyo. Amene anatsala ndi R6,000 sangauzidwe kuti zoonjezera zokha zafika R20,000. Otolera ngongole ambiri sangakuuzeni zimenezi, muyenera kuwauza ndinu.

Nkhani ya ngongole zakale ndiyo imakola anthu ochuluka. Ngongole wamba, monga ya sitolo kapena ya foni, ikatha zaka 3 popanda wokongola kulipirako, kuvomera kuti ali nayo, kapena kulandira samani ya khoti, imafa mwa lamulo. Kuyambira mu 2015 nkoletsedwa kugulitsa kapena kutolera ngongole yakufa chotere. Nchifukwa chake zaka zitatuzo zikamayandikira foni imalira, mawu aulemu nkumati, "Bambo, ingoperekaniko R50 yokha kusonyeza kuti muli ndi mtima wobweza." R50 imeneyo imachititsa kuti zaka ziyambirenso kuwerengedwa. Sindikunena kuti munthu azithawa ngongole imene anadya. Ngongole ya nyumba ndi imene khoti lagamula kale zimatenga zaka 30, ndipo kubisala zaka zitatu kumaipitsa mbiri koposa kubweza pang'onopang'ono. Koma musanavomere kanthu pa foni, pemphani akutumizireni pepala loonetsa tsiku limene munalipira komaliza.

Pofuna kulemba dzina lanu kuti ndinu wolephera kubweza, wobwereketsa ayenera kukuchenjezani kutatsala masiku 20 ogwira ntchito. Mukamaliza kulipira, iye ali ndi masiku 7 oti adziwitse osunga mbiri, ndipo iwo ali ndi masiku 7 oti achotse chizindikiro choipacho. Chigamulo cha khoti chimakhala zaka 5, koma chikalipidwa chimachotsedwa. Chimene sichichoka ndi mndandanda uja wa miyezi yochedwa. Boma linayesapo kukhululuka pa 1 April 2014, pamene linalamula kuti zizindikiro zoipa zichotsedwe pa mayina a anthu onse. Ambiri anamva ngati ngongole zafafanizidwa, chikhalirecho ngongolezo zinali pomwepo, ndipo amene anasiya kulipira anabwerera m'buku lomwe lija. Mpaka lero, pa anthu oposa 25 miliyoni amene ali ndi mbiri ya ngongole m'dzikomo, oposa mmodzi mwa atatu aliwonse mbiri yawo ndi yothimbirira.

Pa mitengo ya magetsi ndi pa Facebook pamakhala zotsatsa za anthu oti amatsuka mayina pa mtengo wakutiwakuti. Palibe munthu amene angachotse mwalamulo nkhani yoona isanakwane nthawi yake, ndipo yabodza mungathe kuichotsetsa nokha osalipira ngakhale senti. Lamulo limapatsa aliyense lipoti limodzi laulere pa chaka kuchokera ku kampani iliyonse yosunga mbiri. Mukapezamo cholakwika mumadandaula kwa kampaniyo, ndipo ili ndi masiku 20 ogwira ntchito oti ipeze umboni. Ikalephera, iyenera kuchotsa. Mukapanda kukhutira mumapita ku NCR kapena ku National Financial Ombud Scheme, imene kuyambira mu 2024 inatenga ntchito ya ofesi yakale ya Credit Ombud.

Za debt review maganizo anga ndi apawiri. Kwa munthu amene ngongole zamufika m'khosi, ndi njira yabwino: mlangizi wolembetsedwa ndi NCR amakambirana ndi obwereketsa onse, zolipira pa mwezi zimatsika, ndipo katundu salandidwa bola munthuyo akutsata pangano. Mtengo wake ndi wakuti simungatengenso ngongole ina mpaka mutamaliza ndi kulandira satifiketi yake, ndipo zimenezi zimatenga zaka. Choipa chili pa anthu oimba foni amene amalonjeza kuchepetsa zolipira pa mwezi osatchula kuti akukulowetsani mu debt review. Munthu amadzazindikira tsiku limene wakanidwa foni ya kontrakiti. Kulowamo nkosavuta, koma khoti likadinda, kutulukamo ngongole zisanathe nkovuta kwambiri.

Pali chinthu china chimene anthu amalipira mwezi uliwonse osachidziwa. Ngongole zambiri zimabwera ndi inshuwaransi ya credit life. Malamulo a mu August 2017 anaika malire a R4.50 pa R1,000 iliyonse ya ngongole yopanda chikole, ndipo anati inshuwaransiyo izilipira ngongole munthu akamwalira kapena kulumala, komanso izimulipirira mpaka miyezi 12 akachotsedwa ntchito chifukwa kampani ikuchepetsa anthu. M'dera limene Impala inalengeza mu 2018 zodula ntchito pafupifupi 13,000, ndipo mitengo itagwanso mu 2023 makampani anayambiranso kuchepetsa anthu, pepala limeneli ndi lofunika kulisunga pamodzi ndi chiphaso. Chenjezo lake ndi loti amene wasankha yekha kuchoka ndi phukusi la ndalama kawirikawiri inshuwaransiyi imamukana, choncho ndi bwino kufunsa musanasaine.

Nanga mashonisa, katapila wa kunoko? Iye safunsa malikisi, ndipo ambiri mwa iwo satumiza kanthu kwa osunga mbiri. Ena amaganiza kuti pamenepa apeza njira yotetezera dzina. Koma chiwongoladzanja cha 30 kapena 50 peresenti pa mwezi chimalipidwa ndi ndalama yomwe ija imene ikanalipira banki ndi sitolo, ndiye dzina limaipa ndithu, kungoti ladzera njira yozungulira. Mukabweza mokhulupirika kwa mashonisa zaka khumi, palibe paliponse pamene palembedwa. Kusunga khadi ya banki, nambala yake yachinsinsi kapena chiphaso cha wokongola ndi mlandu, ndipo kuyambira mu 2016 aliyense wochita malonda obwereketsa ndalama, kaya zochepa bwanji, ayenera kulembetsa ku NCR.

Kwa ife Amalawi nkhaniyi ili ndi mbali ina. Agogo athu amene ankapita ku Joni kudzera ku mabungwe olemba anthu ntchito a Wenela ndi Theba analibe nkhani ya malikisi. Gawo la malipiro awo linkasungidwa kuti akalandirire kumudzi. Kamuzu Banda anaimitsa ulendowo kwa zaka zingapo ndege yonyamula anthu a m'migodi itagwa ku Francistown mu April 1974. Kuchokera ku dongosolo losunga ndalama za anthu a Theba kunabadwa Teba Bank, imene inadzatchedwa Ubank, banki ya anthu a pamgodi yokhala ndi nthambi pafupi ndi mashafiti. Nayo inalandidwa utsogoleri ndi banki yaikulu mu May 2022, ndipo amene anagula malonda ake ndi African Bank yomwe ija, itadzukanso. Lero Mmalawi wa ku Rustenburg kawirikawiri sakhala pa buku la mgodi weniweni. Amagwira kwa makontrakitala, m'mashopu, m'minda, m'nyumba za anthu. Amene ali ndi pasipoti ndi chilolezo chokhalira m'dzikomo angathe kutsegula akaunti ndi kuyamba mbiri, ngakhale obwereketsa ambiri safuna ngongole yopitirira tsiku limene chilolezo chikutha. Mbiri ya kumudzi siwoloka malire. Malawi ali ndi lamulo lake la Credit Reference Bureau Act la 2010, ndipo Reserve Bank of Malawi ndiyo imapereka ziphaso kwa makampani osunga mbiri, koma amene anabweza bwino ngongole ku Lilongwe akafika ku Rustenburg amayambira pa ziro.

Apa mpamene pamabadwira vuto limene sitikonda kulitchula. Wopanda mapepala amapita kwa mlamu kapena msuweni amene ali ndi chiphaso cha South Africa: "Achimwene, munditengereko firiji m'dzina lanu, ndizikupatsani mwezi uliwonse." Kukana kumaoneka ngati nkhanza, ndipo kwathu munthu wokana mbale samuyiwala. Koma sitolo imadziwa dzina limodzi lokha. Mbale uja ntchito ikamuthera, kapena akagwidwa nkubwezedwa kumudzi, miyezi yochedwa imalembedwa pa amene anasaina. Ine ndimati ngati mukufuna kuthandiza mbale, mpatseni ndalama imene mungapirire itapanda kubwerera, kapena mulowetseni mu chipereganyu, chimene kuno amati stokvel. Dzina ndiye musabwereketse.

Nthawi zina dzina limabedwa mwiniwake osadziwa. Mu August 2020 Experian inavomera kuti uthenga wa anthu pafupifupi 24 miliyoni unaperekedwa kwa munthu wachinyengo, ndipo mu March 2022 akuba a pa intaneti analowa m'makompyuta a TransUnion. Osunga mbiri yathuwo nawonso amabooka. Kuphatikiza apo, anthu ofuna ntchito pamgodi amasiya mafotokope a ziphaso kwa aliyense amene walonjeza kuwalowetsa, ndipo fotokope imodzi ndi payslip yopeka zingakwanire kutsegulira akaunti m'dzina la wina. Amene chiphaso chake chatayika kapena kubedwa angalembetse mwaulere ku Southern African Fraud Prevention Service, kuti aliyense wofuna kupereka ngongole m'dzina lake ayambe watsimikiza kuti ndi mwiniwake.

Kodi ndiye munthu angopewa ngongole zonse? Kupewako kuli ndi mtengo wake. Wopanda mbiri banki imamuona ngati mlendo, ndipo tsiku limene adzafune nyumba ya pepala lake, monga zija Impala inamangira antchito ake ku Sunrise View ndi ku Platinum Village, adzasowa chomuchitira umboni. Akaunti imodzi yaing'ono, yolipidwa yonse mwezi uliwonse kwa zaka zingapo, ikwanira kumanga mbiri imeneyo. Tsiku loti banki izidula likhale lotsatana ndi tsiku la malipiro. Mwezi woipa ukamaoneka ukubwera, kaya ndi mphekesera ya sitiraka kapena kalata yochepetsa anthu, pitani kwa wobwereketsa musanaphonye, chifukwa pangano latsopano limapezeka mosavuta dzina lisanade.

Malikisiwa sayeza ulemu wa munthu. Sadziwa kuti ndalama ya mwezi uja inapita ku maliro ku Mzimba, ndipo sadzafunsa. Komabe ndi amene amaika mtengo pa ndalama iliyonse imene mudzakongole, ndiye nkulakwa kuwasiya m'manja mwa makampani okha. Inu amene muli ku Tlaseng, ku Luka, ku Kanana kapena ku Marikana, itanitsani lipoti lanu laulere mwezi uno kuchokera ku TransUnion, Experian ndi XDS, muliyerekeze ndi zodula za pa payslip yanu mzere ndi mzere, ndipo ngongole yotsatira muiwerengere pa malipiro a mwezi wopanda bonasi.